Gulu la owerenga mabuku anga pa intaneti: ndiyambire pati, ndipo mlembi akhale ndi udindo wotani mmenemo?

Wolemba Nthano analemba:

Moni nonse. Ndimalemba nkhani zopeka, ndipo ndili ndi mabuku atatu otsatizana amene akuwerengedwa ndi anthu a misinkhu yosiyanasiyana, kuyambira achinyamata a kusekondale mpaka anthu akuluakulu. Kwa nthawi ndithu owerenga akhala akundipempha kuti ndiwatsegulire malo amodzi pa intaneti pomwe angamachezerane, kukambirana za anthu a m'nkhanizo, kufunsa mafunso ndi kumva msanga za buku lachinayi limene ndikulemba panopa. Ganizoli ndalikonda, chifukwa zimene amalemba pansi pa zolengeza zanga zimakwiririka msanga ndipo iwo eni sadziwana, koma pali zinthu zimene ndikufuna kuzimvetsa bwino ndisanatumize linki kwa munthu aliyense.

Choyamba ndi malo enieniwo. Owerenga ambiri akutchula WhatsApp chifukwa ali nayo kale m'mafoni mwawo, ena ochepa koma olankhula kwambiri akuti Discord ndiye yoyenera, ndipo enanso akuti Telegram. Chachiwiri, chimene chikundisowetsa mtendere kuposa zonse, ndi udindo wanga m'gululo. Wina akadzalemba kuti buku langa lachiwiri ndi lotopetsa, anzake n'kumuukira, ine ndidzaima pati? Ndikamuteteza, okonda bukulo adzati ndawanyozetsa. Ndikakhala chete, adzati ndikugwirizana ndi omutukwanawo. Ndikafufuta uthenga wake, kunja kudzamveka kuti mlembiyu safuna kudzudzulidwa. Palinso anthu amene amamaliza buku usiku umodzi n'kuulula mathero ake anzawo asanafike ngakhale pakati, komanso ana amene angalowe m'gulu limene muli akuluakulu osawadziwa.

Ndikupempha amene munayang'anirapo magulu otere, kapena amene muli m'gulu la mlembi wina, kuti mundiuze zimene munaona zikuyenda bwino. Nthawi yanga yambiri iyenera kupita ku kulemba, choncho sindikufuna chinthu chimene chizidzandidyera tsiku lonse.

Mlonda wa Pakhomo anayankha:

A Wolemba Nthano, funso lanu lokhudza udindo wa mlembi ndilo lalikulu, koma ndiyambe ndi la malo chifukwa yankho lake limatseka mavuto ena asanayambe.

Gulu wamba la WhatsApp lili ndi vuto limodzi limene kwa ine ndi lokwanira kulikanira: aliyense amene walowa amatha kuona nambala za foni za anzake. Pakati pa anthu odziwana kale zimenezi sizivuta, koma linki yanu idzakhala poyera, ndipo mwa amene adzaidina mudzakhala mtsikana wa zaka 15 komanso munthu amene palibe akudziwa chimene wadzera. Kuwonjezera apo, gululo silidutsa anthu 1,024, ndipo zokambirana zonse zimayenda mumzere umodzi, moti amene ali pa mutu wachitatu ndi amene wamaliza buku amalankhulira malo amodzi. Ngati cholinga ndi kulengeza kokha, tchanelo ya WhatsApp ndi yabwino chifukwa otsatira saonerana nambala, kungoti si malo ochezerana.

Telegram imalola anthu okwana 200,000 m'gulu limodzi, munthu angathe kubisa nambala yake n'kumadziwika ndi dzina lokha, ndipo kuyambira mu 2022 gulu likhoza kugawidwa m'mitu yosiyana. Discord, imene inayamba mu 2015 makamaka chifukwa cha osewera magemu, ndiyo ili ndi zida zambiri za woyang'anira: zipinda zolemberamo ndi zolankhuliramo, maudindo amene amatsegula kapena kutseka zipindazo kwa anthu osiyanasiyana, ndi kaundula wosonyeza woyang'anira amene wafufuta uthenga wa wina kapena wachotsa munthu. Kuipa kwake n'kwakuti amene sanaigwiritsepo ntchito amasokonezeka masiku oyamba, ndipo ena mwa owerenga achikulire amangosuzumira kamodzi n'kutseka. Pakati pa ziwirizi sankhani kumene owerenga anu angapitedi. Zimene ndilembe m'munsimu ndi za Discord chifukwa ndiyo ndimaidziwa bwino, koma zambiri zimatheka ndi pa Telegram pomwe.

Musamange zipinda zambiri. Oyamba kumene amakonda kutsegula zipinda makumi awiri, china cha nyimbo, china cha zithunzi, china cha munthu aliyense wa m'buku, ndiye mlendo akalowa amapeza paliponse pali zii, uthenga womaliza uli wa mwezi watha, n'kuganiza kuti gululo linafa kale. Zokwanira poyamba ndi chipinda cha malamulo, cha zolengeza zanu momwe ena sangalembemo, cha macheza wamba, chimodzi cha buku lililonse, ndi chobisika cha oyang'anira. Chatsopano chizitsegulidwa pokhapokha nkhani ina ikayamba kupanikiza zinzake m'macheza wamba. Musaitanenso onse tsiku loyamba. Yambani ndi owerenga ochepa amene mumadziwa kale kalankhulidwe kawo, acheze kwa milungu ingapo, chifukwa obwera pambuyo amatengera khalidwe limene alipeza kuposa zimene zalembedwa m'malamulo. Linki yoitanira anthu pa Discord imatha yokha pakapita masiku angapo ngati simunasinthe, ndipo mungathe kuikira malire chiwerengero cha anthu olowera pa linki imodzi.

Tsopano za inuyo. Khalani mwini gulu, koma musakhale woweruza. Akaunti imene yatsegula seva (dzina limene Discord imatchulira gulu) ikhale yanu, yotetezedwa ndi pasiwedi komanso nambala yachiwiri yotsimikizira polowa, chifukwa mwini seva ndiye yekha amene palibe angamuchotse, ndipo mukaisiya m'manja mwa wowerenga wina, tsiku limene mudzasemphane maganizo gululo lidzapita naye. Koma milandu ya tsiku ndi tsiku iweruzidwe ndi anthu awiri kapena atatu ochokera mwa owerengawo. Chifukwa chake mwachitchula kale nokha: pa mlandu uliwonse wokhudza buku lanu inuyo muli mbali imodzi ya mlanduwo, ndipo ngakhale mutaweruza molungama chotani, palibe adzakhulupirire kuti simunakondere. Lembani poyera m'malamulo kuti mlembi salowerera pa zochenjeza kapena kuchotsa anthu.

Ndiyeno mugwirizane ndi oyang'anirawo mfundo imodzi asanayambe ntchito, yakuti kudzudzula buku si mlandu, koma kunyoza munthu ndi mlandu. Wina akalemba kuti, "Mitu isanu yoyambirira ya buku lachiwiri inanditopetsa, ndipo sindikumvetsa chifukwa chake mayi uja anamukhululukira msanga chotero," uthengawo ukhale pomwepo, ngakhale utakupwetekani. Wina akamuyankha kuti, "Amene sanamvetse gawo limeneli ndi mbuli, akawerenge mabuku a ana," ameneyo ndiye alandire chenjezo, ngakhale akuteteza inuyo. Oyang'anira atsopano nthawi zambiri amachita zosiyana ndi zimenezi, osati mwa nkhanza koma chifukwa amakukondani ndipo akuganiza kuti akukuthandizani. N'chifukwa chake posankha musayang'ane amene amatamanda kwambiri mabuku anu. Yang'anani amene, pakabuka mkangano, amafunsa funso m'malo moponya mawu, amene amalonjera alendo osatumidwa, ndipo ngati owerenga anu ali m'mayiko osiyana nthawi, pakhale wina amene amakhala maso ena akagona. Apatseni mphamvu zofufuta mauthenga ndi zoletsa munthu kulemba kwa kanthawi, koma chilolezo chotchedwa Administrator musachigawe, chifukwa amene ali nacho angathe kufufuta zipinda zonse m'mphindi zochepa, kaya mwadala kaya akaunti yake itabedwa.

Wowerenga Usiku anayankha:

Ine sindinayang'anirepo gulu, koma ndakhala membala m'magulu a alembi angapo, ndipo ndikufuna kuwonjezera pa zimene a Mlonda anena, chifukwa ndikuona kuti anakhudza theka lokha la vutolo. Sikuti mlembi amavuta pokhapokha akamaweruza. Kupezeka kwake kokha kumasintha macheza.

Zimene zimachitika ndi izi. Anthu asanu ali mkati mokangana bwinobwino ngati munthu wina wa m'nkhani anachita bwino kuthawa kapena ayi, aliyense akutchula mutu ndi tsamba. Kenaka dzina la mlembi likuoneka kuti walowa. Nthawi yomweyo mkanganowo umatha, ndipo mauthenga onse amatembenukira kwa iye: wina akuthokoza, wina akufunsa tsiku limene buku lotsatira lituluke, wina akupempha kuti mlembi anene amene akulondola. Mlembi akangoyankha kuti iye ankatanthauza chakuti, nkhaniyo yafera pomwepo, popeza palibe angatsutsane ndi mwini buku. Zikachitika kangapo, anthu amasiya kulankhulana okhaokha n'kumangodikira kuti mlembi abwere liti, ndipo iye akatanganidwa ndi kulemba kwa mwezi umodzi, gululo limazizira.

Gulu limene ndinalikonda kwambiri linali loti mlembi ankabwera pa nthawi yodziwika, kamodzi pa mwezi, kudzayankha mafunso amene oyang'anira anasonkhanitsiratu, ndipo mafunso ena ankawakana mwaulemu ponena kuti amenewo ndi a owerenga kuti akangane okha. Masiku ena onse ankangoponya kanthu mwa apo ndi apo, monga chithunzi cha tsamba lodzaza ndi zokonzakonza, osalowa m'mikangano. Munalinso chipinda chimene tonse tinkadziwa kuti iye sawerengamo, ndipo m'menemo ndi momwe munkakhala zokambirana zenizeni, kuphatikizapo za amene sanakonde mathero. A Wolemba Nthano, chipinda chotere musachiope. Anthu amene amakhala ndi nthawi yolemba ndime zitatu zofotokoza chimene chinawakhumudwitsa m'buku lanu ndi omwewo amene adzagule lotsatira tsiku loyamba.

Chinthu china n'chakuti musadzakhumudwe ndi anthu osalankhula. Mu 2006 Jakob Nielsen, katswiri wofufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito mawebusayiti, analemba za kachitidwe kamene kamaoneka m'magulu ambiri a pa intaneti, kakuti mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 90 amangowerenga, 9 amalemba mwa apo ndi apo, ndipo mmodzi yekha ndiye amalemba zambiri. Manambalawa sangafanane ndendende pa gulu lililonse, koma chithunzi chake n'choona, ndipo chikutanthauza kuti gulu la anthu mazana angapo lingamaoneke ngati la anthu khumi. Osalankhulawo akuwerenga, ndipo amaona mmene anzawo akuchitiridwa. Chimene chimawathamangitsa msanga ndi belu lolira pafupipafupi, choncho mphamvu yoitana aliyense nthawi imodzi, ija ya @everyone, ikhale ya inu ndi oyang'anira basi, ndipo muziigwiritsa ntchito pa nkhani yaikulu yokha. Pakati pa buku ndi buku, pamene palibe chatsopano chokamba, kuwerengera limodzi buku loyamba mutu umodzi pa mlungu kumathandiza kwambiri, ndipo mulole anthu azikambanso za mabuku a alembi ena. Gulu limene nkhani yake ndi "gulani, gulani" yokha anthu amalitseka belu, kenaka amaliiwala.

Mkonzi Wopuma anayankha:

Anzanga awiriwa anena bwino za macheza. Ine ndikhudze zinthu zimene zingakufikitseni pa mavuto a malamulo kapena kukuonongerani mbiri, chifukwa zimenezi zimafunika kulembedwa m'malamulo a gulu tsiku loyamba.

Posachedwa wina adzaponya buku lanu lonse ngati PDF, mwina ndi mtima wabwino wofuna kuthandiza mnzake amene sanalipeze, ndipo wina adzaponya la mlembi wina. Zonsezi zizifufutidwa nthawi yomweyo. Pangano la Berne, limene linayamba mu 1886 ndipo mayiko ambiri padziko analisainira, limateteza buku kwa moyo wonse wa mlembi ndi zaka zosachepera 50 iye atamwalira, ndipo mayiko ena anakweza kufika pa 70. Sizingaoneke bwino kuti gulu lokhala ndi dzina la mlembi likhale pogawirana mabuku a alembi anzake mwakuba. Inunso, musanaponye mutu wa buku limene silinatuluke, werengani mgwirizano wanu ndi osindikiza, chifukwa mapangano ambiri amawapatsa iwo ufulu wotulutsa zolembazo koyamba, ndipo chimene chaponyedwa m'gulu la anthu mazana sichikhalanso chachinsinsi, ngakhale mutawapempha kuti asachitulutse.

Chachiwiri ndi nkhani zimene owerenga amalemba okha pogwiritsa ntchito anthu a m'mabuku anu, komanso maganizo awo a mmene nkhani iyenera kuthera. Alembi ambiri odziwika amakana kuwerenga zoterezi, ndipo si kunyada ayi. Tiyerekeze kuti munakonza kale kuti m'buku lachinayi mwana wotayika uja adzapezeke kuti ndi m'bale wa mdani wake, ndiye wowerenga wina walemba ganizo lomwelo m'gulu, inu n'kuikapo chizindikiro chosonyeza kuti mwalikonda. Buku likadzatuluka iye adzakhulupirira ndi mtima wonse kuti munamubera, ndipo adzakhala ndi chithunzi cha uthengawo chosonyeza tsiku. Ngakhale mlandu wotere utakhala wopanda mphamvu kukhoti, phokoso lake ndi lokwanira kukusowetsani tulo. Zoterezi zikhale ndi chipinda chake chimene inu simulowamo. Apa ndiwonjezere pa zimene a Wowerenga Usiku anena: pa Discord mwini seva amaona zipinda zonse, ndipo palibe njira yomutsekera. Ngati mukufuna kuti kusalowako kukhale kwenikweni, osati lonjezo chabe, akaunti ya umwini muziisunga padera, ndipo pocheza muzigwiritsa ntchito ina imene ili ndi udindo wa mlembi wokha, umene zipinda zimenezo zatsekedwa kwa iwo.

Chachitatu ndi anthu onamizira kukhala inuyo. N'zosavuta kutenga chithunzi chanu, kulemba dzina lofanana ndi lanu, n'kuyamba kutumizira mamembala mauthenga apadera owauza kuti apambana buku losainidwa koma atumize kaye ndalama zotumizira. Dzina lanu m'gulu likhale ndi udindo ndi mtundu umene palibe wina ali nawo, ndipo m'malamulo mukhale chiganizo chomveka chakuti mlembi ndi oyang'anira sadzapempha ndalama, pasiwedi kapena adiresi kudzera mu uthenga wapadera.

Za ana, malamulo a Discord salola munthu wosakwana zaka 13, ndipo m'mayiko ena malire ake ndi okwererapo. Zaka 13 zimenezi zikugwirizana ndi lamulo la ku United States la mu 1998 loteteza zinsinsi za ana pa intaneti, lotchedwa COPPA, pamene ku European Union lamulo loteteza zinsinsi za anthu lotchedwa GDPR, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, linaika zaka 16 koma n'kulola dziko lililonse kutsitsa mpaka 13. Amene waulula kuti sanafike msinkhuwo achotsedwe mwachifundo, ndi kumuuza kuti adzabwerenso akadzakula. Koma musayambe kupempha anthu zithunzi za ziphaso zawo kuti mutsimikize zaka, chifukwa mukatero mwasenza udindo wosunga zinsinsi za anthu umene simungaukwanitse. Popeza mwanena kuti muli ndi owerenga a kusekondale, njira yosavuta ndi yakuti gulu lonse likhale loyenera wachinyamata, ndipo wamkulu aliyense amene wapezeka akulondola mwana ku mauthenga apadera achotsedwe popanda chenjezo, nkhani yake n'kukanenedwanso kwa eni pulogalamuyo.

Wolemba Nthano anayankha:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Mfundo ya akaunti ziwiri ndi ya chipinda chimene sindiwerengamo ndazitenga, ngakhale ndikudziwa kuti chidwi chofuna kusuzumira chidzandivuta.

Ndatsala ndi mafunso awiri. Loyamba ndi la oulula mathero: kodi lamulo lake likhale la nthawi yaitali bwanji buku likatuluka, ndipo lingatsatidwe bwanji usiku umene aliyense akuwerenga? Lachiwiri ndi lovutirapo. Pali wowerenga wina amene wakhala nane kuyambira buku loyamba, amauza anthu ambiri za mabuku anga, ndipo amadziwa nkhanizo mwina kuposa ine. Koma ndi yemweyo amene amakalipira aliyense wolemba zosagwirizana ndi maganizo ake, ndipo wandiuza kale kuti gulu likatsegulidwa akufuna kukhala woyang'anira. Sindikufuna kumutaya, komanso ndikuona kuti akhoza kuthamangitsa ena.

Mlonda wa Pakhomo anayankha:

Za mathero, ine sindikonda lamulo la masiku, monga lakuti pakatha mwezi aliyense ndi womasuka kuulula, chifukwa gulu la mlembi limalandira alendo chaka chonse, ndipo amene walowa lero atangomaliza buku loyamba ali ndi ufulu wofanana ndi amene analiwerenga zaka zapitazo. Lamulo likhale la malo. M'chipinda cha buku lachiwiri zonse za buku loyamba ndi lachiwiri n'zololedwa, koma za lachitatu ayi. M'macheza wamba chilichonse choulula nkhani chizibisidwa nthawi zonse. Pa Discord munthu amaika mizere iwiri yoimirira kumayambiriro ndi kumapeto kwa mawu, chonchi ||mawu obisika||, ndipo amaoneka ngati kachidutswa kakuda mpaka wina atadinapo. Telegram nayonso ili ndi njira yotere yotchedwa spoiler. Aphunzitseni kulemba dzina la buku ndi nambala ya mutu kunja kwa chobisikacho, chifukwa kachidutswa kakuda kopanda chizindikiro aliyense amakadina. Mungathenso kukonza kuti chipinda cha buku latsopano chizioneka kwa okhawo amene adzisankhira udindo wosonyeza kuti aliwerenga.

Mlungu umene buku latuluka ndi umene oyang'anira onse ayenera kukhala tcheru. Yatsani slow mode m'macheza wamba, imene imachititsa kuti munthu adikire nthawi imene mwaika, kuyambira masekondi ochepa mpaka maola 6, asanatumize uthenga wina. Mphindi imodzi kapena ziwiri zimakwanira kuti woyang'anira aone zimene zikulembedwa. AutoMod, imene Discord inaikamo mu 2022, imatha kutsekereza uthenga wokhala ndi mawu amene mwasankha usanaonekere kwa ena, choncho ngati m'bukumo wina amwalira, mungaike dzina lake pa mndandandawo kwa milungu yoyambirira. Izi zikutanthauza kuti mmodzi mwa oyang'anira ayenera kuwerenga bukulo lisanatuluke, ndipo kwa anthu ogwira ntchito mongodzipereka imeneyo ndi mphoto yabwino. Kwezaninso mlingo wotsimikizira olowa kumene, kuti akaunti yongotsegulidwa kumene isathe kulemba nthawi yomweyo, popeza oulula mathero mwadala nthawi zambiri amabwera ndi akaunti zatsopano.

Za wowerenga wanuyo, musamupatse udindo woyang'anira. Munthu amene amaona kusagwirizana naye ngati kunyoza buku adzagwiritsa ntchito batani lofufuta pomaliza mikangano imene walephera kupambana ndi mawu, ndipo kumulanda udindowo pambuyo pake kudzapweteka kuposa kumukana lero. Koma khama lake ndi lenileni, choncho lipatseni ntchito imene ilibe mphamvu pa anthu ena: atsogolere kuwerengera limodzi kumene a Wowerenga Usiku anatchula, kapena asunge mndandanda wa anthu ndi malo a m'nkhanizo, ndipo dzina lake lizitchulidwa pothokoza. Pano pokha ndi pamene ndingakulangizeni kuti mulankhule naye nokha, kamodzi, gulu lisanatsegulidwe, chifukwa zimene amachitazo amazichita m'dzina lanu ndipo ndi inu nokha amene angakumvereni. Muuzeni mosapita m'mbali kuti mumafuna anthu osakonda mbali zina za mabuku anu akhalemo m'gululo, ndipo kuti malamulo adzagwira ntchito pa iye mofanana ndi wina aliyense. Akadzalakwa, oyang'anira achite naye monga achitira ndi ena, ndipo akadzabwera kwa inu kudzadandaula, mumubwezere kwa iwo. Mukadzangosintha chigamulo chawo kamodzi chifukwa cha iye, onse adzadziwa kuti khomo lenileni la milandu ndi inu, ndipo oyang'anirawo sadzamvedwanso.

Ndondomeko ya chilango ikhale yodziwika kwa onse. Kulakwa koyamba, uthenga ufufutidwe ndipo munthuyo auzidwe padera lamulo limene waphwanya, m'mawu ochepa ndi aulemu, monga akuti, "Tachotsa uthenga wanu wa m'chipinda cha buku lachiwiri chifukwa unanyoza mnzanu, maganizo anu pa bukulo mungawalembenso popanda mawu amenewo." Akabwereza, aletsedwe kulemba kwa kanthawi, ndipo Discord ili ndi nthawi zosankha kuyambira mphindi imodzi mpaka mlungu umodzi. Akapitirizabe, achotsedwe. Zoopseza, kufalitsa adiresi kapena nambala ya munthu, chinyengo cha ndalama ndi zimene a Mkonzi anena zokhudza ana sizidutsa m'masitepe amenewa. Chilichonse chimene chachitika chizilembedwa m'chipinda cha oyang'anira pamodzi ndi chithunzi cha uthengawo usanafufutidwe, kuti amene adzagwire mlandu wotsatira adziwe mbiri yake, komanso woyang'anira amene wakangana ndi munthu asakhale yemweyo womuweruza. Muziwafunsanso oyang'anira anu mmene akumvera, ndipo muwalole kupuma akatopa, chifukwa iwo ndi amene amawerenga zonyansa zonse zimene ena sadzaziona.

Wowerenga Usiku anayankha:

Pa mfundo yochenjeza padera ndikusiyana pang'ono ndi a Mlonda. Kwa wolakwayo n'zoona kuti uthenga wapadera umamusungira ulemu, koma ife otsala m'chipindamo timangoona kuti mauthenga anayi asowa ndipo munthu wina wangoti zii, ndiye aliyense amayamba kupeka chifukwa chake. M'gulu la mlembi chifukwa chimene anthu amathamangira kupeka ndi chakuti munthuyo anadzudzula buku. Ndikanakonda woyang'anira azisiya chiganizo chimodzi pamalopo, chosatchula dzina, chonena kuti mauthenga ena achotsedwa chifukwa cha lamulo lakuti, ndipo kukambirana za mutuwo kupitirire. Uthenga wodzudzula buku umene unayambitsa mkanganowo ukasiyidwa pomwepo, n'kuchotsa zotukwana zokha zimene zinabwera pambuyo pake, aliyense wolowa m'mawa amaona yekha chimene chachotsedwa ndi chimene chatsala.